Gulu la Banja: Amayi Awagoneka

Lachiwiri m'mawa

Achemwali: Mwadzuka bwanji nonse. Amayi awagoneka kuchipatala. Usiku anagwa pochokera kubafa, ati chizungulire. Adokotala akuti magazi achepa kwambiri, Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi uja, ili pa 6.8. Ndili nawo kuyambira m'bandakucha, sindinasambe n'komwe.

Amalume: Ine ndinanena chaka chatha kuti mlongo wanga akuyera m'maso. Palibe anandimvera. Angomuika magazi basi, nkhani ithe.

Azakhali: Kalanga ine alamu anga. Mulungu awakhudze.

Mzime: Achemwali, tatsitsani chikope chawo cham'munsi muone mkatimo. Muonenso zikhatho ndi lilime. Kenako gwirani pamkono muwerenge kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, ali chigonere.

Achemwali: 112. M'chikope mwayera mbee. Lilime lasalala ngati la khanda, ati likuwawa. Akangokhala tsonga, wefuwefu.

Mzime: Munthu wamkulu akapumula mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100. Wawo ukuthamanga chifukwa maselo ofiira onyamula mpweya achepa. Mayi wosayembekezera Hb yake iyenera kukhala 12 kupita m'mwamba, ikatsika pansi pa 8 ndiye kuti zafika poipa. Magazi awaika ndithu. Koma pemphani anesi atenge kaye oyeza ferritin (nkhokwe ya ayironi m'thupi) ndi mavitamini a B12 ndi folate botolo lisanapachikidwe. Akayamba n'kuika, magazi a mwini ndi obwera amasakanikirana, zotsatira sizinenanso zoona zenizeni.

Amalume: Zoyezayeza zija ndi zodyera ndalama. Munthu magazi atha, muikeni magazi.

Mzime: Amalume, chidebe chikamatha madzi mumayamba mwaona ngati chabooka. Kuchepa kwa magazi kuli mitundumitundu. Ena magazi amatayika, ena thupi silikuwapanga chifukwa chosowa ayironi kapena B12, ena maselo amasweka msanga. Mankhwala ake ndi osiyana.

Achemwali: Chabwino, koma zoyezazo ndi zolipira. Thumba lomwe tinagwirizana mwezi uja muli gawo langa, la Mzime, ndi theka la azakhali. Enawo sinditchula.

Azakhali: Theka linalo kumapeto kwa mwezi mwanawe, ukudziwa mmene zilili.

Mlamu: Abambo a kuno ali mu msonkhano, ayankha akatuluka.

Achemwali: Msonkhano uja wa mwezi watha sunathebe?

Lachiwiri madzulo

Achemwali: Botolo loyamba apachika. Ndichite chiyani ine? Anesi ali awiri okha wodi yonse.

Mzime: Musachoke pabedipo, makamaka mphindi 15 zoyambirira. Akayamba kunjenjemera, kutentha thupi, kuyabwa, kumva msana kapena chifuwa kuwawa, thamangani mukaitane anesi nthawi yomweyo. Mkodzo ukada muwauzenso. Botolo limodzi lisapitirire maola 4, komanso musalole aliyense kutsegula kampopiko kuti lithe msanga. Munthu wokalamba akalandira mothamanga madzi amadzaza m'mapapo, mtima umalephera. Akayamba befu kapena kutsokomola, akhazikeni tsonga muitane thandizo.

Amalume: Awaike mabotolo anayi lero lomwe adzuke.

Mzime: Botolo limodzi limakweza Hb ndi 1 basi, mwina kuposerapo pang'ono. Adzayezanso, adokotala ndi amene aone ngati pakufunika lina.

Azakhali: Ana inu, chithunzi chija cha ukwati wa malemu achimwene ndani anachitenga pakhoma? Ndinachifuna ulendo watha osachipeza.

Mlamu: Ife sitinatenge kanthu m'nyumba muja.

Azakhali: Sindinatchule munthu ine.

Achemwali: Za zithunzi mawa. Usiku uno agona pano ndani? Ine ana ndawasiya okha.

Achemwali: Zii.

Achemwali: Basi ndigona ndine.

Lachinayi

Mzime: Zotsatira ndaziona, achemwali anditumizira. Zinthu ndi ziwiri. Ferritin ndi yotsika, ndiye kuti nkhokwe ya ayironi m'thupi yauma. B12 nayonso ndi yotsika. N'chifukwa chake pa pepala loyamba la zoyeza magazi kukula kwa maselo kunkaoneka kwabwinobwino: kusowa ayironi kumachepetsa maselo, kusowa B12 kumawakulitsa, zikakumana zimabisana. Achemwali, afunseni ngati mapazi amachita dzanzi.

Achemwali: Akuti kuyambira kalekale, ngati akuponda pa thonje. Ndimayesa ndi ukalamba. Ndi zoiwalaiwala zija?

Mzime: Zikhoza kukhala zomwezo. Metformin amene akhala akumwa zaka zonsezi chifukwa cha shuga amachepetsa B12 kwa anthu ena. Asasiye okha ayi, adokotala aona. Ayamba kuwabaya jakisoni wa B12, poyamba pafupipafupi, kenako patalipatali, ndipo mwina ndi wa moyo wonse. Chonde wina asawagulire folic acid payekha. Amakonza magazi pa pepala pomwe mitsempha ikupitiriza kuwonongeka, ndipo ikawonongeka nthawi yaitali sibwereranso.

Azakhali: Ine ndinali nditagula kale botolo, anandiuza anzanga a kutchalitchi.

Mzime: Lisungeni kaye azakhali. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ayironi. Mayi amene anasiya kusamba kalekale sataya ayironi popanda chifukwa, kawirikawiri pamakhala potuluka magazi m'mimba kapena m'matumbo. Achemwali, m'chikwama mwawo muli mankhwala anji?

Achemwali: Ndakhuthula pabedi. A shuga, a BP, ndi mapaketi a diclofenac asanu, atatu opanda kanthu. Ati amamwa m'mawa ndi madzulo chifukwa cha mawondo. Ati chimbudzi chinayamba kuda bii, chonata, chonunkha, koma ankachita manyazi kunena.

Mzime: Ndi zimenezotu. Diclofenac, ibuprofen ndi aspirin amatha kuchititsa zilonda m'mimba, magazi n'kumadontha pang'onopang'ono miyezi yambiri. Auzeni adokotala lero lomwe, muwaonetse mapaketiwo. Afunika kuunikidwa m'mimba ndi kachubu ka kamera, mwinanso m'matumbo, chifukwa pa msinkhu wawo pali zina zofunika kutsimikiza kuti palibe. Amene amawagulira mankhwalawa aleke.

Amalume: Mlongo wanga amalira ndi mawondo usiku, ana ake ali kutali, mafoni osayankha. Ndikanangomuyang'ana? Lero ndine wolakwa.

Achemwali: Palibe wakunenani amalume.

Amalume: Akanamuika magazi chaka chatha sitikanafika kuno.

Mlamu: Pepani kulowerera. Mapilitsi a ayironi akatsala mungatipatseko? Junior nayenso wayera m'maso sabata ino.

Mzime: Ayi alamu, chonde. Junior ndi wa sickle cell, vuto lake si kusowa ayironi. Maselo ake amasweka pakatha masiku 10 mpaka 20, pomwe abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo ayironi wa maselo oswekawo amatsalira m'thupi. Onjezani magazi amene anaikidwa kale aja, mukhoza kumuunjikira wambiri n'kupweteka chiwindi ndi mtima. Iye zake ndi folic acid, madzi akumwa ambiri, kumufunditsa kukazizira, ndi mankhwala ake a kukiliniki. Ngati wayera kuposa masiku onse, wafooka, mimba yatupa kumanzere kapena thupi latentha, pitani naye lero, osadikira mawa.

Azakhali: Kwathu matenda amenewo kunalibe.

Mzime: Azakhali, mwana amatengera kwa makolo onse awiri, bambo ndi mayi. Onse akakhala onyamula, pa mimba iliyonse mpata ndi umodzi mwa inayi. Tinakambirana kale izi.

Mlamu: Zikomo Mzime. Ndinyamuka naye pompano.

Loweruka

Achemwali: Atitulutsa Lolemba, Hb yafika 8.9. Kamera atipatsa tsiku sabata ya mawa, ndipo ndi yolipira. Ndalemba zomwe anesi anena, Mzime uwonjezere ndikaphonya. Mapilitsi a ayironi, ferrous sulphate, amwe monga alembera, osamwera tiyi kapena mkaka. Chimbudzi chida, asadabwe.

Mzime: Inde, koma kusiyanitsa kwake nkofunika. Cha mapilitsi chimada koma chimakhala chouma, nthawi zina mpaka kudzimbidwa. Chikakhala chonata ngati phula, chonunkha kwambiri, iwo n'kumamva chizungulire, amenewo ndi magazi, bwererani kuchipatala. Tiyi ndi mankhwala a kutentha pamtima atalikirane ndi mapilitsiwo maola awiri. Pakatha milungu itatu kapena inayi akayezetsenso. Hb ikadzafika pabwino apitirize miyezi ina itatu kuti nkhokwe idzaze, apa ndi pomwe anthu ambiri amasiyira. Podzuka ayambe akhala pamphepete pa bedi kaye, ndipo usiku wina aziwaperekeza kubafa. Botolo la mapilitsi a ayironi muliike patali ndi zidzukulu, mwana akameza ambiri ndi poizoni.

Amalume: Ndiye mwaona, magazi aja amuthandiza. Ndinanena ine.

Achemwali: Amalume munanena. Tsopano gawo lanu la kamera?

Amalume: Ndiyankhula ndi mkulu wanuyo kaye, iye ndiye mwamuna pakhomo.

Mlamu: Tili kuchipatala ndi Junior kuyambira Lachinayi, amugoneka. Abambo a kuno ati atumiza zinthu zikakhala bwino.

Mzime: Pepani alamu, ndikuimbirani ndikaweruka. Achemwali, ine ndawonjezera pa gawo langa, onani pafoni. Sabata yoyamba ndibwera ndidzagone nawo Lachitatu ndi Lachinayi.

Achemwali: Ndalandira. Kwatsala Lolemba, Lachiwiri ndi Lachisanu. Achimwene, ndikuona kuti mauthenga onse mwawerenga.

Azakhali: Lachisanu ndilembeni ine. Ndidzafunanso chithunzi chija.