Haggis ija ndinaidya, nayi nkhani yake

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndingalimbe mtima kudya haggis, chakudya cha makolo cha ku Scotland, poti anzanga a kuntchito kuno ku Glasgow anandiitanira ku mgonero wa Burns Night, mwambo wokumbukira mlakatuli wa ku Scotland Robert Burns, pa 25 Januwale. Ambiri munandilimbikitsa, ena munati ndisayerekeze. Zikomo nonse, ndinapita.

Amene munafunsa zomwe zili mkatimo: ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa. Amazigaya pamodzi ndi oats (mbewu yonga tirigu), anyezi, mafuta a nyama, mchere ndi tsabola, kenaka n'kuphika. Kale ankaphikira m'chifu cha nkhosa yomweyo, koma masiku ano zambiri za m'sitolo zimakhala m'chikopa chopanga. Mapapowo ndi amene anachititsa kuti dziko la America liletse haggis yochokera ku Scotland kuyambira 1971.

Atachicheka ndi mpeni, nthunzi inatuluka ndi fungo la tsabola. Ndi chofewa, chonona, ndipo timinyenyeswa ta oats timamveka mkamwa. Munthu amene anakula akudya nthumbwana za mbuzi alibe choopa pamenepa. Pambali anaika mbatatesi yopota ndi neeps, mtundu wa mpiru wa mizu yachikasu, wotsekemera pang'ono. Neeps ndiye sanandisangalatse kwenikweni, koma haggis ndinapempha yowonjezera.

Amayi ena anafunsa za mwana wawo amene sadya nyama. Iliponso haggis yopanda nyama, yopangidwa ndi nyemba, mphodza, ndiwo zamasamba ndi oats, ndipo imapezeka m'masitolo akuluakulu kuno. Mukagula ya nyama, onetsetsani kuti yatentha mpaka mkati musanapakule.