Ndinamulera mwana wa achemwali anga koma paukwati wake dzina langa silinatchulidwe, kodi ndikulakwa kukhalabe ndi mkwiyo?

Nachisale_Ndirande

Abale ndithandizeni maganizo chifukwa nkhaniyi ikundidya mkati ndipo kunyumba ndilibe omuuza. Achemwali anga anamwalira 2002 chaka cha njala chija anthu tikudya madeya, nthawi imeneyo ma ARV anali asanayambe kuperekedwa ulele, anadzayamba 2004 iwo atapita kale. Gadiyani ndinali ine, kugona pansi kuchipatala, kuchapa, kuwadyetsa phala ndi supuni. Anasiya mtsikana wa zaka 5. Bambo ake a mwanayo anangobwera pamaliro, atachoka pamenepo ziii, tinangomva kuti anakwatira kwina.

Ndinamutenga ine. Ndinali ndi anga awiri kale ndipo amuna anga anali a ganyu yomanga, lero ilipo mawa palibe. Ku pulayimale fizi kunalibe inde koma yunifolomu, makope, sopo, nsapato zimenezo boma silimagula. Atasankhidwa ku sekondale yogonera konko ndi pamene ndinaona zakuda, 2012 kwacha itagwa zinthu zonse zinakwera nthawi imodzi, ine ndimadzuka usiku kukazinga mandasi kenako masana kaunjika pamsika, ngongole za banki mkhonde kubweza iyi kutenga ina. Mwana wanga weniweni wachiwiri anakhala pakhomo teremu yathunthu kuti uyu alembe MSCE chifukwa ndalama sizikanakwanira onse. Izi mpaka lero mwana wangayo amandikumbutsa.

Anakhoza, anapita ku koleji, pano ali pantchito yabwino ku Lilongwe. Chaka chatha anamanga ukwati. Ine anandiika mu komiti yazophika, sindinadandaule, ndinati ndi ukwati wa mwana wanga ndigwire ntchito. Koma ku holo MC ataitana makolo a mkwatibwi anaimirira ndi bambo aja ndi akazi awo. Kutchalitchi anamupereka ndi iwowo. Mwana atagwira maiki anathokoza bambo ake, apongozi, anzake akuntchito, mpaka okongoletsa holo. Ine ndinali chiimire kumbuyo ndi chitenje chonunkha utsi kudikira kuti mwina anditchula kumapeto. Sananditchule.

Sindikufuna ndalama zake ayi, Mulungu ndi mboni. Amanditumizira ka Airtel Money nthawi zina ndimalandira. Koma akaimba foni mtima umangowira ndimayankha mwachidule, vidiyo ya ukwati ananditumizira sindinaitsegule. Kodi ndine woipa mtima? Ndimuuze kapena ndingofa nazo?

Wa_ku_Joni

Amayi simuli woipa mtima olo pang'ono. Ine zinandichitikira zofanana. Ndili ku Johannesburg kuno ndimagwira ntchito ya mgaden, 2015 anthu akuthamangitsidwa ku Durban ambiri anakwera mabasi a boma kubwerera kumudzi ine ndinalimba mtima chifukwa nyumba ya makolo inali pa windo levulo. Mwezi uliwonse pa Mukuru, simenti, malata, mpaka inatha. Tsiku lolowa nyumba abusa anabwera kudzapemphera ndipo wothokozedwa anali achimwene anga amene amangoyang'anira amisiri, mudzi onse ukudziwa kuti anamanga ndi iwowo ndipo iwo sanakanepo. Mayi anamwalira asananenepo pagulu kuti ndalama zimachokera kwa ine. Chimandiwawa mpaka lero, ndikapita kumudzi ndimagona mnyumbamo ngati mlendo. Akulu anati chifundo chinapha nkhwali. Ine ndinasiya kutumiza basi, koma kunena zoona kusiya kutumiza sikunachotse ululu. Ndiye inu musangokhala chete ngati ine.

Mayi_Mvano

Pepani mayi. Ambuye Yesu anachiritsa akhate 10 wobwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, pa Luka 17. Mukhululukireni mwanayo, mphotho yanu sili mu holo. Ndikupemphererani.

Nachisale_Ndirande

Zikomo amayi a Mvano, kupemphera ndimapemphera ndithu. Koma pamalo omwewo Yesu anafunsa kuti nanga 9 aja ali kuti. Ndiye kufunsako si tchimo eti? Kukhululuka ndikufuna koma ndikamuuza Mulungu kuti ndakhululuka mawa lake ndimadzuka nazo zomwezo.

Mwinimbumba_Dedza

Mayi, ine ndilankhula ngati munthu amene ndakhalapo nkhoswe maukwati angapo. Mlanduwu musausenzetse mwana yekha. Kwathu kuno mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, timati mayi aang'ono, ndipo mwana ndi wa kuchikazi. Amene amayenera kuimirira poitanidwa makolo ndi inuyo pamodzi ndi bambo akunyumba kwanu amene anadyetsa mwanayu thukuta lawo. Funso langa ndi loti atsibweni ake a mwana anali kuti pokonza pulogalamu? Ankhoswe anali kuti? Mkwatibwi masiku amenewo mutu umakhala uli pa diresi ndi keke, amene amaona kuti uyu akhala pati uyu alankhula nthawi yanji ndi akuluakulu. Iwo ankadziwa bwino lomwe amene analera mwana ndipo anakuikani ku mapoto dala kapena mwa ulesi, zonse ziwiri nzolakwika.

Masiku ano vuto ndi loti maukwati akutauni akumayendetsedwa ndi makomiti a pa WhatsApp, woponya ndalama zambiri pa perekaniperekani ndi wobwera pa galimoto ndi amene amaoneka kholo. Bambo wothawa mwana akafuna kubwerera pamwambo wathu amayamba wapepesa kwa eni mbumba, sangotulukira pa tsiku la chisangalalo atavala suti. Ndiye ine ndikuti pitani kwa atsibweni ake mukawauze mmene mwatiuziramu, aitanitse mwanayo ndi mwamuna wake mukhale pansi. Si kupempha ulemu kumeneko, ndi kukonza mbumba, chifukwa mawa akadzabereka chikuta adzafuna ndani?

Tadala93

Ine ndiyankha mbali ya mwanayo poti nanenso ndinaleredwa ndi azakhali makolo atamwalira. Sindikumuikira kumbuyo, zimene anachita nzopweteka kwambiri. Koma amayi mwana wamasiye amakula ndi njala ya kholo imene anthu ena simungaimvetse. Kusukulu anzako akamati adadi anga adadi anga iwe umangoti duu. Ndiye bambo akatulukira olo akhale wachabechabe umafuna dziko lonse lione kuti nanenso ndili nawo abambo, makamaka pamaso pa apongozi. Ndipo munthu amene wakhala nawe tsiku ndi tsiku umamuona ngati sangachoke, umaiwala kuti nayenso amafuna kumva mawu.

Komanso funso, kodi iyeyo akudziwa kuti mwana wanu anakhala pakhomo teremu yonse chifukwa cha iye? Ine ndinadziwa ndili ndi zaka 26 kuti azakhali anagulitsa makina awo osokera kuti ndilipire fizi ya Fomu 4, ndinamva kwa aneba, iwo sananenepo. Ndinalira usiku onse. Makolo athu mumabisa mavuto kuti mwana asadzimve ngati katundu, zabwino ndithu, koma ndiye timakula tikuona ngati fizi imangopezeka. Muuzeni. Osati pa foni, osati mwaukali, koma amve zonse kuyambira kuchipatala kuja.

Nachisale_Ndirande

Tadala mwana wanga wandiliza. Za teremu ija sakudziwa, tinamuuza kuti mnzakeyo akudwala maso. Za ngongole sakudziwanso. Koma chakundilera akuchidziwa, anagona pamphasa imodzi ndi ana anga, atatha msinkhu ndinamuitanira anamkungwi ndine, zimenezo sizofuna aneba kuti amuuze. Ndiye njala ya bambo ndaimva koma sindingamuchotsere mlandu onse.

A Mwinimbumba mwanena zoona ndipo pamenepo ndi pamene pakundiwawa kawiri, atsibweni ake ndi achimwene anga enieni, pulogalamu anaiona isanasindikizidwe ndipo tsiku limenelo anakhala kutsogolo. Chiyambireni sitinakambepo. Ndiyamba ndi iwowo, Loweruka ndikwera minibasi kupita kwawo. Mwanayo wanena kuti abwera ku Blantyre pa Khirisimasi ndi mwamuna wake, kodi pokamba nkhani ngati iyi mkamwini akhalepo kapena ndiyambe ndakhala naye awiri kuchipinda?