Kalulu wanga wa zaka 7 wachira m'mimba koma akukana udzu, ndithandizeni

Mwini funso (Lilongwe):

Moni nonse pa gulu pano. Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumaweta akalulu a ndiwo ndi ogulitsa, ndiye mundipirire, wanga ndi mmodzi yekha ndipo ndi wa pakhomo. Dzina lake ndi Mphale, wamwamuna, woyera, wakwanitsa zaka 7. Anali wa mayi anga, ndinamutenga iwo atatisiya, ndipo amagona pakhonde la kuseri m'khola lomwe anamupangira mayiwo.

Sabata yatha ndinapita kumaliro ku Ntcheu masiku atatu. Udzu wamuwisi panopa kulibe, mukudziwa mmene Okutobala amakhalira, ndiye ana omwe ndinawasiya anamudzazira madeya m'mbale, kuwonjezera zotsala za buledi ndi masamba a kabichi. Anachita ndi mtima wabwino, sindikuwaimba mlandu. Nditabwera Lachitatu madzulo ndinamupeza wadzikunga pakona, maso ali tsinzini, akukukuta mano mwamphamvu moti ndimamva ndili chiimire. Makutu ali zii. Ndinamupatsa chisoso chomwe amachithamangira masiku onse, sanachinunkhize n'komwe. M'khola munalibe ndowe zatsopano ngakhale kambulu kamodzi.

Lachinayi m'mawa ndinathamangira naye kwa dokotala wa ziweto. Anati matumbo aima, sakukankha chakudya. Anamubaya madzi pansi pa khungu, anandipatsa meloxicam wa ululu ndi metoclopramide wothandiza matumbo kuyenda, ndipo anandiuza ndizimudyetsa phala la ma pellets a akalulu onyika m'madzi pogwiritsa ntchito sirinji. Ndowe zinayamba kutuluka Lachisanu usiku, ting'onoting'ono takuda ngati nthangala za papaya, tina tolumikizana ndi ubweya ngati mkanda.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Akudya yekha chisoso ndi masamba a karoti, akumwa madzi. Koma udzu wouma akukana. Amautola, n'kuutembenuza m'kamwa, n'kuusiya. Kumbuyo kwake kukumatirira ndowe zofewa zonunkha, m'mawa uliwonse ndikumupukuta. Anali makilogalamu 2.6, pano ali 2.3. Kodi sirinji ndisiye liti? Ndowe zofewazi ndi kutsegula m'mimba? Aneba andipatsa makapisozi a amoxicillin akuti ndisungunule m'madzi ake, sindinamupatse, ndafuna ndifunse kaye.

Mlangizi wa ziweto (Kasungu):

Mayi, mwachita bwino kufunsa. Makapisoziwo musamupatse ngakhale theka. Kalulu ali ndi thumbo lalikulu lomwe muli tizilombo tabwino togaya udzu. Amoxicillin, ampicillin, penicillin wakumwa ndi clindamycin amapha tizilombo timeneti, oipa n'kuchuluka, ndipo kalulu amatha kufa ndi kutsegula m'mimba m'masiku ochepa. Ndaonapo alimi akutaya khola lonse chifukwa chowamwetsa mankhwala otsala a ana. Ngakhale a ufa a nkhuku aja musaike m'madzi ake popanda dokotala kunena.

Za ndowe zofewa, yang'anani kaye: kodi timibulu touma tikutulukanso? Ngati tikutuluka, kumeneko si kutsegula m'mimba. Kalulu amatulutsa ndowe zamitundu iwiri. Zouma zija mumasesa, ndi zina zofewa, zonyezimira, zomatana ngati kamphukusi ka mabulosi, zomwe amazidya yekha zikungotuluka, makamaka usiku ndi m'mamawa. M'menemo amapezamo zomanga thupi ndi mavitamini. Kalulu wathanzi simuziona kawirikawiri chifukwa sazisiya. Wanu akuzisiya, ndipo funso n'lakuti chifukwa chiyani. Kutsegula kwenikweni ndi kwamadzi, kopanda mibulu youma, ndipo kumeneko n'kothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwini funso:

Zikomo abambo. Timibulu touma tikutuluka ndithu, dzulo ndinawerenga topitirira 60 kuyambira madzulo mpaka m'mawa, koma tikadali tating'ono. Makapisozi ndabweza.

Mlimi wa akalulu (Dowa):

Mayi ndinene chilungamo, zaka 7 kwa kalulu ndi ukalamba. Ife athu sapitirira zaka zitatu kapena zinayi, akasiya kuswa bwino timachotsa. Ndalama mukuwonongazo mukanagula ana awiri abwino. Musamuzunze ndi majekeseni, ngati watopa mulekeni apume.

Mwini funso:

Ndakumvani abambo ndipo sindikukwiyirani, kwanu ndi ulimi ndipo masamu anu ndi olondola. Kwanga n'kosiyana. Mayi anga ankakhala naye pamkeka madzulo akusenda nyemba, iye atagona pafupi ndi phazi lawo. Akanakhala kuti akungovutika osafuna moyo ndikanamva. Koma dzulo anadzuka yekha kudzandikanda chitenje kufuna chisoso. Ameneyo sindingamusiye.

Membala wokhala ku Leeds, ku England:

Achemwali limbani mtima. Kuno akalulu a m'nyumba amafika zaka 8 mpaka 12, ndiye wanu sanathe. Wanga wamkazi anadwala chimodzimodzi ali ndi zaka 8 ndipo zinatenga milungu iwiri kuti ndowe zibwerere kukula kwake. Kuno timagula ufa wa Oxbow Critical Care, koma musadandaule kuti kwanuko mulibe, phala la ma pellets lomwe mukupangalo likugwira ntchito yomweyo. Sirinji musasiye tsiku limodzi. Chepetsani pang'onopang'ono: ngati mukumudyetsa kanayi pa tsiku bwerani pa katatu, muone ndowe ndi sikelo masiku awiri, kenako kawiri. Akayamba kutsikanso thupi mubwerere pomwe munali. Muzimuyeza nthawi yofanana m'mawa, pa sikelo ya kukhitchini mutamuika m'beseni.

Chinanso, pomudyetsa asagone chagada ngati khanda. Akhale pa mapazi ake, mumukulunge m'thaulo, sirinji ilowere m'mbali kuseri kwa mano akutsogolo pomwe pali mpata, mililita imodzi basi, mudikire ameze. Mukathamanga phala limalowa m'mapapo.

Namwino wa ziweto (Blantyre):

Mayi, ine ndaima pa chiganizo chimodzi chomwe mwalemba: amautola udzu, n'kuutembenuza m'kamwa, n'kuusiya. Kalulu amene sakufuna kudya sautola n'komwe. Wanuyu akufuna, koma chikumulepheretsa chilipo, ndipo ndikukayikira mano. Kalulu ali ndi mano 28 ndipo onse amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Chomwe chimawaperesa ndi kutafuna udzu maola ambiri, nsagwada ikupita uku ndi uku. Udzu ukachepa, madeya n'kuchuluka, mano am'kati saperesekanso mofanana, amatuluka nsonga zakuthwa. Apansi amabaya lilime, apamwamba amacheka tsaya. Masamba ofewa ngati chisoso amadutsa, udzu wolimba umapweteka.

Ndiye mwina madeya a masiku atatu aja anangomaliza nkhani yomwe inayamba kale. Taganizirani miyezi iwiri yapitayi: ankamaliza udzu ngati kale? Mugwireni pansi pa chibwano ngati panyowa ndi dovu, muone ngati ubweya wa miyendo yakutsogolo wamatana chifukwa chopukutira kukamwa, ngati diso limodzi likutuluka misozi, ndipo yendetsani chala m'munsi mwa nsagwada mumve ngati pali totupa. Mano am'katiwa simungawaone ndi maso kunyumba, kamwa ya kalulu ndi yopapatiza. Dokotala amalowetsa kachipangizo kokhala ndi getsi, nthawi zina mpaka amugoneke. Mubwerere mukapemphe ayang'ane mano am'kati mwachindunji. Pa tsiku loyamba lija dokotala anachita zoyenera, anali kupulumutsa moyo kaye. Ngati komwe munapitako alibe zipangizo, ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, mukafunse kumeneko.

Ndipo wina asakuuzeni kuti adule mano ndi chowengera zikhadabo kapena pulayala. Dzino limang'aluka mpaka ku muzu, kenako mafinya.

Mwini funso:

Amayi mwandikumbutsa chinthu. Kuyambira mu Ogasiti ndimataya udzu wambiri posesa, ndimangoti ndi kutentha kapena udzu wake ndi woipa. Ndamugwira pompano, pansi pa chibwano mbali ya kumanzere panyowa ndithu ndipo ubweya wake wachita chikasu. Mtima wandipweteka kuti sindinazione msanga. Mawa m'mawa ndipita naye.

Mlangizi wa ziweto (Kasungu):

Pitani ndithu. Mukafunsenso za msana ndi m'chiuno. Akalulu okalamba amagwidwa nyamakazi, ndipo kuti adye ndowe zofewa zija amayenera kupinda msana mpaka kamwa ifike kumbuyo. Akamamva kuwawa amangozikhalira. Mumuone akamayenda, ngati akukwawa m'malo modumpha kapena akuzengereza kukwera pa chiundo cha khola. Meloxicam amathandiza, koma kwa wokalamba dokotala aganizire za impso, ndipo madzi asamusowe. Madziwo muike m'mbale yolemera, amamwa ambiri m'mbale kuposa m'botolo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nyengo ino. Kalulu wodetsedwa kumbuyo mu Okutobala ndi Novembala, ntchentche zobiriwira zija zimaikira mazira pa ubweya, ndipo kukatentha mphutsi zimaswa tsiku lisanathe n'kuyamba kudya mnofu. Muzimutembenuza kuyang'ana kawiri pa tsiku. Musamusambitse thupi lonse. Madzi ofunda pang'ono m'beseni, kumbuyo kokha, mumuumitse bwinobwino ndi thaulo, ubweya womatana mumete mosamala chifukwa khungu lake ndi lopyapyala. Mankhwala a utitiri a agalu, makamaka okhala ndi fipronil, asamukhudze, amapha akalulu. Khola mukute ndi neti yakale.

Mayi oweta ng'ombe za mkaka (Mpemba):

Za udzu ndikuthandizeni. Womwe wauma uli chiimire m'tchire panowu ulibe kanthu, ndi mapesi chabe, ngakhale ng'ombe zanga zimaukana. Pitani kudambo kapena m'mbali mwa dimba mukamwete kapinga wamuwisi, muyanike pamthunzi pa thandala masiku atatu mukutembenuza. Amauma akadali wobiriwira ndipo amanunkhira. Kapena funsani alimi a mkaka a kufupi nanu, ambiri timasunga udzu wa Rhodes grass. Muununkhize musanagule, wa chuku musatenge. Masangwi a mtedza amawakonda koma akhale owonjezera chabe. Wa m'mbali mwa msewu ndi wa m'minda mopoperedwa mankhwala ayi. Kholowa mungamupatse pang'ono, koma masamba a mbatatesi, a tomato ndi a mapeyala musayerekeze. Masamba aliwonse atsopano muyambe ndi mtundu umodzi, pang'ono, muone ndowe mawa lake.

Mlimi wa akalulu (Dowa):

Mayi pepani ngati ndinalankhula mouma. Poti mwasankha kumusamala, nachi chomwe ndikudziwa: kutentha kumawafooketsa kwambiri, kukafika madigiri 30 amachepetsa kudya. Ngati denga la khola ndi la malata ikani udzu kapena masaka onyowa pamwamba. Ine ndimaika mtsuko wadothi wa madzi m'khola, amagona moutsamira masana. Ndipo muzimutulutsa ayende pabwalo m'mawa kusanatenthe, kuyenda kumagwedeza matumbo. Madeya musiyiretu kwa ameneyo.

Mwini funso (patapita masiku anayi):

Ndabwera kudzakuuzani. Namwino munanena zoona. Anapeza nsonga ziwiri pa mano apansi akumanzere, ndipo lilime linali ndi bala m'mbali. Anamugoneka n'kuperesa. Ndinaopa kwambiri za kumugoneka pa msinkhu wakewu, ndinakhala pabenchi panja maola awiri dengu lake lili pamiyendo. Anandiuza kuti ndisamumane chakudya usiku wake ngati mmene amachitira ndi agalu, poti kalulu sasanza ndipo mimba yake siyenera kukhala yopanda kanthu. Anadzuka bwino. Ati ndizipita naye kukaonetsa mano miyezi iwiri kapena itatu iliyonse chifukwa nsongazo zitha kubwerera. M'chiuno anapezamonso kuuma, ndiye meloxicam apitiriza pa mlingo wochepa ndipo tidzayeza magazi kuona impso.

Tsiku loyamba atachoka kuchipatala anangodya phala. Dzulo usiku ndili kukhitchini ndinamva kaphokoso kaja ndinakasowa, tsekutseku, tsekutseku. Ndinasuzumira pazenera ndi tochi ya foni, ali pakati pa mulu wa kapinga yemwe ndinayanika monga anandiuzira mayi a ku Mpemba, kachitsamba kakulowa m'kamwa pang'onopang'ono mpaka kutha, n'kutola kena. Ndinaima pomwepo mpaka nsima inapserera. M'mawa uno ndowe zakula, zayamba kuoneka zofiirira ndipo ukaphwanya imodzi mukuoneka tiudzu. Sikelo ikuti 2.35. Sirinji ndabwera pa kawiri pa tsiku.

Zofewa zija zikumatirirabe koma zachepa. Ndachotsa thabwa la pakhomo la khola kuti asamadumphe, ndipo pansi ndayala mphasa yakale pamwamba pa waya. Funso lomwe latsala: mvula ikayamba udzu wanthete udzakhala paliponse, ndipo ndamva kuti umatupitsa mimba. Ndidzamuyambitse bwanji?

Mlangizi wa ziweto (Kasungu):

Kadzanja kamodzi pa tsiku sabata yoyamba, womwetedwa mame atauma, muufotetse pamthunzi maola angapo, ndipo musauunjike m'thumba la pulasitiki chifukwa umatentha n'kuyamba kuwira. Wouma uja usachoke m'khola ngakhale tsiku limodzi, ndiye yanikani wambiri panopa mvula isanagwe. Akadzakhala maola 12 osadya kapena osachita ndowe, musadikire kucha, ndipo mimba ikauma ngati ng'oma musamukakamize phala, thamangani naye.