Tenti ya ulendo wa ku Cape Maclear: tigule kapena tiileke?

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya ulendo wathu wa Mother's Day ija yatulukira mbali ina. Dzulo ndikuchokera kumsika ndinapeza mnyamata wina wa kaunjika atayala tenti yaikulu, akuti mumagona anthu 8. Ili ndi zipinda ziwiri ndi kakhonde kutsogolo. Akufuna K160,000, koma mmene amayankhulira atha kutsitsa. Ndati ndifunse kaye gulu ndisanakhudze ndalama ya m'bokosi. Tigule?

Aphiri a ku Sadzi: Gulani basi amayi, musachedwe. Pa 15 Okotobala anthu amakhamukira kunyanja ngati kuli kugawa chimanga, malo ogona amadzaza ndipo mitengo amakweza. Ndi tenti yathu sitidzagogoda pakhomo pa munthu.

Nambewe: Aphiri inu chilichonse ndi "gulani basi". Chiwaya cha chipisi chomwe munatikakamiza chaka chatha chili kuti pano? Sichikusungira nkhuku mazira kuseri kwanu?

Aphiri a ku Sadzi: Chiwaya nkhani ina, mlongo. Mafuta ophikira ndi amene anatigwetsa.

Make Tadala: Ine ndinagonamo mutenti kunyanjako, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga. Tinapita mu Julayi ndi azilamu anga, tenti yobwereka. Madzulo zinali bwino, tinaikhoma pamchenga penipeni kuti tizimva mafunde. Cha m'ma 1 koloko usiku mwera unayamba. Zikhomo zija zinali tizitsulo tochepa ngati sipoko ya njinga, mumchenga sizigwira. Mbali imodzi inazuka, nsalu n'kumatiomba kumaso, mchenga m'makutu, m'mano, m'chikwama cha zovala. Bambo a Tadala anatuluka ndi kabudula kukasaka miyala ndi tochi ya foni. Kutacha ndinasiya buledi ndi nthochi pakhomo pa tenti kuti ndikasambe m'manja, pobwera ndinapeza nyani atakhala pamwala akusenda nthochi yanga modekha ngati wagula yekha. Komabe sindinama, kudzuka m'mawa n'kutsegula zipi, madzi ali pompo, asodzi akukocheza mabwato, chilumba cha Thumbi chikuoneka patsogolo, zija sindinazionepo kwina. Ndiye mtima wanga uli pawiri.

Nambewe: Mwamva? Mchenga m'mano.

Aphiri a ku Sadzi: Mwamvanso mbali yomalizayo? Komanso mwera ndi wa nyengo yozizira. Okotobala kulibe zimenezo.

Alamu a ku Monkey Bay: Aphiri akunena zoona pa mwera, umavuta kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Koma Okotobala ali ndi chilango chake. Inu anthu a ku Zomba munazolowera kamphepo kotsika m'phiri, kwathu kuja mwezi umenewu dzuwa likangotuluka tenti imasanduka uvuni. Pofika 6 koloko m'mawa mudzakhala mutatuluka nokha popanda wokudzutsani. Ngati mugule, onani kuti ili ndi mawindo a neti mbali zonse, ndipo kokhoma kwake ndi pansi pa mtengo, osati pamchenga poyera. China, musaganize kuti mukangofika n'kukhoma paliponse. Gombe la ku Chembe, ku Cape Maclear komweko, ndi mudzi wa anthu, pali matandala oyanikapo usipa, pali makoka, amayi akuchapa, ana akusambira. Tenti imakhomedwa m'malo ogona alendo omwe amalola zimenezo, ndipo amalipiritsa pamutu usiku uliwonse. Ndalama yogona siitha ayi, imangochepa.

Msungichuma: Apo ndiye ndinali ndisanaganizepo. Ine ndimayesa tikagula tenti ndiye kuti zogona zatheka.

Nambewe: Ndipo tiwerengane. Amene analembetsa tilipo 11. Tenti ya anthu 8 ya azungu, amawerenga anthu ogona mothinana ngati matemba m'thumba, opanda zikwama. Kwa ife ndi anthu 5, tikakakamiza 6. Kuwonjezera apo, amuna ndi akazi tigona tenti imodzi? Apongozi ake a Make Tadala akupita nawo. Kansalu kogawa zipinda kaja ndi khoma limenelo?

Make Tadala: Hahaha, apongozi anga sangalowemo n'komwe. Adzakhala panja usiku wonse atafunda chitenje, n'kudzandinenera kumudzi chaka chathunthu.

Aphiri a ku Sadzi: Amunafe tigona pakhonde pa tenti, nkhani yatha.

Anesi: Pakhonde ndi udzudzu wa ku Mangochi, Aphiri? Mudzabwera kuno kuchipatala tidzakubayeni chala. Ine pa tenti sindikana, koma ndikufuna Msungichuma akaione bwino neti yake ndi zipi. Kabowo kolowa chala n'kokwanira. Aliyense atengenso neti yake ya kunyumba, kaya tigona mutenti kaya m'chipinda. Ndipo poti nkhani yafika apa, kunyanja kuja kuli likodzo, makamaka m'madzi osaya oyandikana ndi mudzi, momwe muli nkhono. Sindikuti musasambire. Tikabwerako, pakapita masabata angapo, aliyense amene analowa m'madzi akaonane ndi achipatala za mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel. Amapereka molingana ndi sikelo ya munthu, si ogawana ngati panado.

Aphunzitsi: Anesi akunena zenizeni, ndipo udzudzu wa pamalo amenewo uli ndi mbiri. Mishoni ya Livingstonia inayambira pomwepo pa Cape Maclear mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gulu loyamba lomwe linafika ndi sitima ya Ilala. Malungo anawatha mphamvu, ena anamwalira, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894, komwe lero timati Livingstonia. Manda a amishoniwo alipobe, m'mbali mwa njira yopita ku Otter Point, mutha kukawaona wapansi. Dzina la malowo anapereka David Livingstone, polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Eni ake amangoti ku Chembe.

Nambewe: Aphunzitsi, tafunsa za tenti, mwatipatsa mayeso a Fomu 2.

Aphunzitsi: Ndikufika, mayi. Mfundo yanga ndi yoti ulendowu ndi wokaona nyanja, tulo n'zongodutsa. Malo aja ali mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba, makamaka mbuna, tija ta mitundu yowala tokhala m'miyala. Polowa pakiyo pamalipiridwa. Boti lopita ku Thumbi limalipiridwa. Magalasi oonera pansi pa madzi amabwereketsa. K160,000 ikapita ku tenti, zimenezi tilipira ndi chiyani? Ndinapitako ndi ana a sukulu, mnyamata wa boti anaimba mluzu n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi inachoka mumtengo, n'kutsika, n'kukatola ndi zikhadabo pafupi ndi ife. Ana aja mpaka lero amaikamba. Palibe ngakhale mmodzi amene amakumbukira chomwe anagonera.

Kamwana ka gulu: Ine ndi wamng'ono koma ndiyankhuleko. Akuluakulu mukuiwerengera tenti ngati ya ulendo umodzi. Phiri tili nalo pakhomo pompano. Tikhoza kukagona pamwamba Loweruka lina, kuyenda mpaka ku Chingwe's Hole, ku Emperor's View, kutsikira ku Williams Falls ndi ku damu la Mulunguzi, osalipira chipinda. Ku Liwonde n'pafupi. Ngakhale ku Kachulu, kukwera bwato kupita ku Chisi. Ikagwira ntchito kanayi kapena kasanu yabweza ndalama. Ana a ku yunivesite amakonda zokwera phiri, titha kumawabwereketsa.

Nambewe: Iwe, wakhala mu Zomba zaka zingati, ndipo pamwamba pa phiri wagonapo kangati?

Kamwana ka gulu: Sindinagonepo, chifukwa ndilibe tenti, anti.

Aphiri a ku Sadzi: Wakugwirani pamenepo! Komanso pamaliro kapena pachinkhoswe titha kumaibwereketsa.

Make Tadala: Aphiri, tenti ya pamaliro ndi ina, ija yoikamo mipando. Iyi ndi yolowa chokwawa. Mukufuna abusa alalikire atagwada?

Alamu a ku Monkey Bay: Mundilole ndibwererenso, chifukwa pali chomwe mukuchiiwala. Ine ndikanakhala wogwira bokosi, ndalama imeneyo ndikanaika ku cooler box yabwino ndi nsomba. Kunyanja chokoma ndi m'mawa. Usiku mudzaona nyali zambiri pamadzi ngati tawuni yayandama, amenewo ndi asodzi a usipa, nsombayo imatsata kuwala iwo n'kuizinga ndi khoka lotchedwa chilimira. Mbandakucha amakocheza, ndiye muzikhala muli pagombe ndi beseni. Usipa wauwisi wongotuluka kumene, kuuthira tomato, anyezi ndi kamchere, osauvundula kwambiri kuti usaphwanyike, ndi nsima yotentha, simudzaufunanso wouma wa pamsika uja. Pali utaka, pali mcheni wowotcha pamakala, pali kampango amene mnofu wake ulibe timinga tovutitsa ana. Chambo chilipo koma chinachepa, ndipo wogulitsa akangomva kuti mwachokera kutali mtengo umakwera pomwepo. Ena amakupatsani nsomba ina n'kumati ndi chambo. Tsegulani makha muone ngati ali ofiira, dinani mnofu ndi chala, ukabwerera ndiye kuti ndi ya lero. Ndipo Okotobala ndi mwezi wabwino kugula, chifukwa pa 1 Novembala nyanja amaitseka kwa makoka kuti nsomba ziswane. Kuchoka ku Chembe kudutsa Mangochi, Liwonde, mpaka kuno ndi makilomita pafupifupi 200, padzuwa limenelo. Popanda ayisi, pofika pa Domasi minibasi yonse idzakhala ikutitukwana.

Msungichuma: Alamu mwandigwetsa malovu ndili pa ntchito.

Anesi: Ine ndagwirizana ndi alamu. Cooler box tidzaigwiritsanso ntchito pa Khirisimasi, pa zinkhoswe, paliponse.

Aphiri a ku Sadzi: Cooler box tibwereka kwa achimwene anga a shopu, asakudandaulitseni. Koma tenti yotero pa mtengo umenewo simudzaipezanso. Yatsopano ya saizi imeneyo mukaifunse m'masitolo a ku Blantyre, mudzabwerako mutagwira pakamwa.

Nambewe: Chotchipa chili ndi chifukwa chake. Mwini wake kunjako anaitayiranji? Ndipo funso langa lalikulu palibe wayankha: izisungidwa kwa ndani? Ikanyowa n'kuipinda osaumitsa imachita nkhungu, makoswe akaipeza amaiboola. Wina akabwereka n'kuthyola ndodo yake, alipira ndani? Ine zinandichitikira ndi gulu lina, tinagula mapoto aakulu a pamwambo, munthu wina anabwereka, anabweza awiri m'malo mwa atatu, mpaka lero sitilonjerana. Ndalama ya gulu ikakhala m'bokosi imaoneka. Ikasanduka katundu imakhala ya amene akusunga.

Make Tadala: Apo Nambewe wanena. Koma bwanji amene akuifuna asonkherane okha, ikhale yawo, gulu lizibwereka kwa iwo? Aphiri, kamwana, ndi ine mwina ndiikapo kangachepe. Amayi akuluakulu ndi apongozi anga tiwapezere zipinda ziwiri, achinyamata ndi amuna alowe mutenti.

Kamwana ka gulu: Ine K30,000 ndikwanitsa kumapeto kwa mwezi.

Aphiri a ku Sadzi: Mukundithawa tsopano. Chabwino, ndiikapo theka, koma isungidwe kwanga.

Nambewe: Pafupi ndi chiwaya.

Aphunzitsi: Musanapereke ndalama, mnyamatayo aikhome yonse inu mukuona. Muwerenge ndodo, muwerenge zikhomo ndi zingwe. Mulowe mkati masana muyang'ane kumwamba, pobooka paliponse padzaoneka kuwala. Nsalu yapamwamba ija muithire madzi. Mvula yoyamba nthawi zina imagwa mu Okotobala momwemo.

Alamu a ku Monkey Bay: Ndipo zikhomo zake musazidalire. Pitani kwa owotcherera akudulireni zitsulo zazitali ngati mkono, azipinde kumutu. Mutengenso mikeka, pansi pa tenti mchenga umasunga kutentha mpaka usiku. Zakudya muzitsekera m'galimoto, anyani aja amadziwa kutsegula jumbo kuposa mwana.

Anesi: Pokwera boti aliyense avale life jacket, ngakhale Aphiri amene amati anaphunzira kusambira mu Likangala.

Msungichuma: Ndiye ndamva motere: m'bokosi sindichotsamo ya tenti. Ndalama ya gulu ipita ku minibasi, zipinda ziwiri, polowa paki, boti ndi nsomba. Aphiri, Make Tadala ndi kamwana, ndamuimbira mnyamata uja, akuti atsitsa kufika K140,000 koma pali wina wa ku Chinamwali amene akuifunanso.

Nambewe: Wa ku Chinamwali ameneyo amakhalapo pa katundu aliyense.

Aphiri a ku Sadzi: Muuzeni Loweruka 9 koloko tikumane, aikhome. Kamwana, ubwere ndi ndowa.

Kamwana ka gulu: Yodzaza kapena tikatunga komweko?

Make Tadala: Yodzaza. Ndipo Aphiri ndi amene alowe mkati tikamathira.