Ulendo wa ku chiliza cha agogo ku Thekerani

Malume Binwell: Abale nonse, ndikukumbutsa kuti Loweruka lino minibasi inyamuka pa Chitakale 5 koloko m'mawa, popeza abusa anena kuti mwambo wovundukula chiliza cha amayi uyamba 9 koloko. Woyendetsa ndi Chifundo, monga tinagwirizana. Amene sanapereke K25,000 ya mafuta akudzidziwa okha.

Tiyanjane: Amalume, ndili ndi nkhawa pa za woyendetsayo. Dzulo nditawaimbira achimwene a Chifundo ndinamva kuti chimfine chawagwira kwambiri, ndipo akumwa Piriton pamodzi ndi mankhwala a chifuwa a m'botolo. Piriton amaumitsadi mamina, koma amafikanso ku ubongo, n'chifukwa chake amagonetsa, amachititsa kuti maso asaone bwino, ndipo phazi limachedwa kufika pa buleki.

Malume Binwell: Tiya, mankhwala ongogula popanda kalata ya dokotala sangagwetse munthu wamkulu. Ine ndinayendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma ntchito, chimfine ndimadwala, mankhwala ndimamwa, ndipo sindinalowepo m'ngalande.

Chifundo: Ndili bwino ndithu, achemwali. Ndidzamwa tiyi wamphamvu ndisananyamuke.

Tiyanjane: Achimwene, vuto lake ndi loti munthu amadzimva kuti ali bwino pamene thupi layamba kale kuchedwa, ndipo tiyi sachotsa mankhwalawo m'magazi. Chonde tawerengani pa botolo lija. Mukaona dzina lakuti diphenhydramine kapena chlorphenamine, dziwani kuti ndi a mtundu umodzi ndi Piriton, ndiye kuti mwakhala mukumwa ogonetsa kawiri. Pa bokosi kapena pa kapepala ka m'kati amalembanso chenjezo loletsa kuyendetsa galimoto.

Chifundo: Palembedwa loyambalo, m'tizilembo tating'ono kwambiri.

Mayi Felesiya: Pepani kuti ndikulowerera. Mbuzi ija yagulidwa kale ndi ndalama yanga ya m'thumba, ndipo sindikufuna kuti zidzathere m'malere ngati nthawi ija, chifukwa ena mwa ife tikudikirabe mpaka lero.

Mayi Esnati: Felesiya, za nthawi ija tidzakambirana kumudzi pamaso pa akuluakulu, osati pano pamene pali ana. Koma ndikudabwa kuti alamu a Lameki mauthenga akuwerenga, timizere tikuoneka kuti tasanduka ta buluu, koma chiyankhire sabata yatha sanayankhenso.

Madalitso: Yanga ndinatumiza kale kuchokera kuno ku Johannesburg, amalume angathe kuchitira umboni. Ndikupempha kuti tibwerere ku zimene Tiya akunena, pakuti m'minibasimo mudzakhala amayi anga ndi ana anga awiri.

Malume Binwell: Yako inafika. Koma ndikubwerezanso kuti mankhwala ongogula sangagwetse munthu wamkulu. Kale timamwa zomwezi ndipo ntchito imayenda.

Tiyanjane: Amalume, ndikunena izi mwaulemu: thirakitala ya m'munda siithamanga ngati minibasi yodzaza ndi anthu. Galimoto ikamayenda makilomita 60 pa ola, imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, choncho kuwodzera kwa masekondi awiri okha ndi mamita oposa 30 opanda woyendetsa. Tonse tikuudziwa msewu uja. Kuchoka pa Luchenza kukwera ku Thyolo m'mamawa mumakhala njinga za kabaza ndi anthu opita kukathyola tiyi, ndipo mwezi uno chiperoni chikatsika simuona ngakhale galimoto imene ili kutsogolo kwanu. Kupitirira pa Makwasa ndiye makona okhaokha m'mapiri. Achimwene adzakhala atadzuka usiku, akudwala, ndipo mankhwala amtunduwu ukamwa pogona mphamvu yake imatha kufika mpaka m'mawa.

Mayi Esnati: Nanga mwanayo asiye kumwa mankhwala, azingovutika ndi mutu?

Tiyanjane: Ayi amayi. Panado sagonetsa, angathe kumwa pa mutu ndi kuphwanya kwa thupi, bola asaphatikize ndi mankhwala ena a chimfine okhala ndi paracetamol, chifukwa ameneyu akachuluka amawononga chiwindi. Pa mamina alipo ena otchedwa loratadine amene anthu ambiri sawagonetsa. Apite ku famase ku boma, akanene poyera kuti ndi dalaivala, ndipo awayese mawa ali pakhomo, asadzawayambe tsiku la ulendo. Piriton ndi botolo lija asiye kuyambira lero. Ndikupemphanso kuti kumudzi kuja pasadzapezeke wowapatsa mowa ngakhale pang'ono, popeza mowa ukakumana ndi mankhwalawa tulo timachita kuwirikiza, ndipo tidzabwerera madzulo onse atatopa.

Madalitso: Ngati pofika Lachisanu chimfinecho chidzakhale chisanathe, ine ndikuona kuti tipeze dalaivala wina. Chifundo adzakhale pambali pake n'kumamulozera njira.

Chifundo: Alipo mnzanga wa ku Chonde amene amayenda msewu umenewo kawirikawiri. Wati K40,000 kupita ndi kubwerera.

Mayi Felesiya: Ndalama imeneyo ichokera kuti, pamene ya mafuta yomwe sinakwane? Mabanja amene apereka ndi asanu mwa asanu ndi atatu. Ine sindiwonjezeranso kanthu mpaka ya mbuzi ibwere.

Malume Binwell: Ine ndikadali pomwepo, kuti mankhwala ongogula sangagwetse munthu wamkulu. Komabe sindikufuna kuti mawa wina adzanene kuti mwinimbumba sanamvere. Chifundo, usiye mankhwala amene mlongo wako wanena, upite ku famase mawa, ndipo mnzakoyo umuuze kuti akhale chire. Banja lililonse liwonjezere K5,000.

Madalitso: Ndilipira yanga pamodzi ndi ya amayi Felesiya, kuti nkhani ya mbuzi isatichedwetse.

Mayi Felesiya: Zikomo mwanawe, koma ya mbuziyo ndikuyidikirabe.

Mayi Esnati: Alamu a Lameki, tikudziwa kuti mukuona. K30,000 yonse ifike kwa achimwene a Binwell pa Mpamba lisanathe Lachinayi, apo ayi mipando yanu itatu tipereka kwa amayi a mvano amene apempha kutiperekeza.

Tiyanjane: Achimwene a Chifundo, mukagula mankhwalawo mawa mujambule bokosi lake mbali zonse, munditumizire musanamwe.