Chifunga cha pa Chikangawa, tizidziwitsana bwanji?

Wa Sienta ku Luwinga: Madala, June wafika uyu ndipo chifunga chayambanso. A zanyengo amalengeza ndithu pa wailesi ndi pa Facebook kuti kumadera okwera kuli chiperoni, koma ine ndikamanyamuka pa depoti 4 koloko m'mawa ndimafuna kudziwa kuti pa Elephant Rock pali bwanji nthawi imeneyoyo, osati chigawo chonse cha kumpoto. Titani?

Wa Hiace ya Jenda: Amene wadutsa aziponya voisi pa gulupu basi, nkhani yatha

Adada a thiraki: Sinathe ayi mwana wanga. Dzulo wina waponya voisi yoti msewu uli mbee, kumeneko anajambula dzana masana, anthu angoitumizirana, ine kufika pa Raiply ngakhale mzere woyera osauona, mawaipa akugwira ntchito koma galasi likuchita nthunzi mkati, kutsogolo kuli thiraki ya matabwa yafa pakona, m'malo mwa thirayango angoyala masamba pamsewu. Voisi yopanda nthawi ndi yoopsa kuposa kukhala chete.

Wa Hiace ya Jenda: Eee pamenepo mwanena zoona adada

Wa Sienta ku Luwinga: Nanga netiweki? M'nkhalango muja malo ena foni imangozungulira, uthenga umadzapita utafika kale pa Mzimba turn off

Amayi a kosta: Nchifukwa chake muzitchula nthawi ndi pakamwa, osadalira imene WhatsApp yalemba. Malo, nthawi, ndiye mukuona patali bwanji. Osangoti "kuli chifunga", nenani kuti ndikuona galimoto ziwiri kutsogolo kapena ndikungoona boneti. Ndipo azijambula ndi kondakitala chonde, dalaivala manja pa chiwongolero.

Adada a thiraki: Yewo mama. Ndiwonjezere, ma fulu laiti m'chifunga amakubwererani m'maso, ikani dimu. Enanu mumayenda ndi ma hazadi njira yonse, ife akumbuyo sitidziwa ngati mwaima kapena mukuyenda.

Wa Sienta ku Luwinga: Za hazadizo tidzakangana tsiku lina kkkk. A Karonga nawo mvula ikadzayamba muzitiuza za miyala yogwa pa Chiweta

Amayi a kosta: Gulupu yake ikhale ina, ya msewu yokhayokha. Muno uthenga wa chifunga umakwiririka ndi za mpira ndi zopereka za maliro. Ndatsegula, linki ndiponya madzulo ano. Mawa woyamba kunyamuka kulowera njira ya ku Lilongwe ndani?

Wa Hiace ya Jenda: Ndine, 3:30. Kondakitala wanga alibe bando koma, wina amugaireko