Wodwala wasiya mafizo, akuti akudikira tchipi ya Elon Musk

Nachisale, Kasungu:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi wodwala wa mafizo, mnyamata wa kabaza yemwe anavulala khosi pa C6, fupa lachisanu ndi chimodzi la m'khosi. Miyendo siigwira, zala n'zofooka, koma chigongono amapinda, dzanjanso amadzutsa. Zimayenda bwino mpaka pomwe mlongo wake anamuonetsa vidiyo ya pa TikTok ya Neuralink, kampani ya Elon Musk yoika tchipi mu ubongo. Pano mafizo akukana, ati kudzivutiranji poti tchipi ikubwera. Wina pa WhatsApp wawauza kuti akulemba maina a anthu a ku Africa oti aikidwe tchipiyo, atumize kaye ya fomu. Bambo ake akufuna kugulitsa dimba. Mayi ake safuna n'kumva komwe, ati ndi 666. Ndiyambire pati?

Gondwe, Mzuzu:
Yambirani pa dimbapo achemwali, lero lomwe. Wa pa WhatsApp uja ndi wakuba. Izi zikadali pa kafukufuku, ndipo malo a mu kafukufuku sagulitsidwa. Maopaleshoni ake avomerezedwa ku America, Canada, Britain ndi ku Abu Dhabi, kuno ayi.
Kenako muonere limodzi vidiyoyo, mumufunse kuti akuona chikuyenda n'chiyani. Noland Arbaugh, woyamba kuikidwa tchipiyi ku Phoenix ku America mu January 2024, anafa ziwalo kuyambira m'mapewa atavulala posambira mu 2016. Timawaya 64 ta tchipiyi toonda kuposa tsitsi timatola zizindikiro pa mbali ya ubongo yolamula dzanja, kompyuta n'kusuntha kamuvi pa sikirini. Amasewera chess, amalemba mameseji. Koma akadali pa wilitcheya. Msana wake tchipiyo sinaukhudze.

Mbewe, Blantyre:
A Gondwe akunena zoona, komano musamuuze kuti palibe amene anayendapo, akakaipeza vidiyo inayo sadzakukhulupiriraninso. Gert-Jan Oskam wa ku Netherlands, yemwe anachita ngozi ya njinga, anayendanso ku Lausanne ku Switzerland, pansi pa akatswiri Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch. Anamuika zipangizo ziwiri m'chigaza ndi china ku msana, maganizo n'kumalumpha pomwe panavulalapo. Si Neuralink iyi. Ndipo chomwe TikTok sionetsa n'choti mtsempha wake sunaduke wonse, ndipo mkuluyu anakhetsa thukuta pa mafizo zaka ndi zaka, opaleshoni isanachitike komanso itachitika. Amayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono. Mnyamata wanuyo mumufunse: ngakhale atabwera nayo pa ndege mawa, dokotala wake uti angaike chipangizo mwa munthu wa mawondo okungika ndi chilonda cha m'matako chofika pa fupa?

Nachisale:
Funso limenelo ndalitenga. Nanga mayiwo? Ndiwo amamutembenuza usiku, sindikufuna tidane.

Sisitala Kaunda, Dedza:
Musatsutsane nawo za Baibulo mwana wanga, si ntchito yathu. Chivumbulutso 13 amachidziwa kuposa inu. Ine ndimangowauza kuti palibe amene adzaike kanthu m'mutu mwa mwana wawo iye asanasaine. Ndiye muwafotokozere kuti tchipi ya Arbaugh siilowetsa maganizo m'mutu, imangomvera zomwe mwini wake akufuna kusuntha.
Mantha awowo musawaseke, chifukwa ngakhale azunguwo ali nawo awo. Dziko la Chile linasintha malamulo ake aakulu mu 2021 kuti zotoledwa mu ubongo wa munthu zitetezedwe. Ku Australia, Rita Leggett anali ndi chipangizo chomuchenjeza khunyu isanamugwetse, kampani ya NeuroVista itagwa anachita kumuchotsa iye asakufuna. Kwa Arbaugh nakonso timawaya tambiri tinazuka patangopita masabata ochepa, anachita kukonza pulogalamu kuti tchipi igwirenso bwino ntchito. Ife kuno batire ya hearing aid imatithera miyezi tikuifunafuna, ndiye cha m'mutu chikavuta mwana akathamangira kuti?

Gondwe:
Chinanso, tafufuzani chomwe wasirira kwenikweni mu vidiyomo. Odwala anga ambiri amakhala kuti akufuna kugwira foni okha, asamachite kupempha gadiyani kuti awawerengere meseji ya chibwenzi. Pa C6 zimenezo n'zotheka sabata ino. Sokani kalamba kozungulira chikhatho, ka velcro kapena ka chubu cha njinga, kokhala ndi kathumba kolowetsamo stylus, kacholembera kodinira pa sikirini. Foni muimangirire pa thabwa lopendekeka pa miyendo. Mumuphunzitsenso tenodesis: akadzutsa dzanja zala zimadzipinda zokha, n'kugwira kapu yopepuka. Magadiyani muwaletse kuwongola zala dzanja lili chodzuka, amapha kagwiridwe kameneko akuyesa akuthandiza. Voice Access, pulogalamu yolamulira foni ya Android ndi mawu, iliponso, kungoti Chichewa siimva.

Mbewe:
Nambala ya wakubayo muisunge, bambowo akaitule ku polisi.

Nachisale:
Ndabwerako akuluakulu. Bambo aimitsa za dimba, ndalama inali isanapite. Mnyamata wakwiya nditamuonetsa kuti Arbaugh sayenda, wakhala duu osandiyankha, koma kalambako walola kuti ndimuyeze. Mayi ndilankhula nawo Lachinayi pobwera ndi phala. A Gondwe, tumizani chithunzi cha kalamba kanu, telala wathu akufunsa kuti kathumbako kakhale m'chikhatho kapena kuseri.

Gondwe:
M'chikhatho, kukamwa kwake kuloze ku chala chachikulu. Ndijambula mawa ndikafika ku wodi.